Ku Chilwa mlezi wa ana ndi bambo

Anthu ambiri akamva za nyanja ya Chilwa maganizo awo amathamangira ku matemba. Ena amakumbukira makumba ndi milamba yowamba imene imafika m'misika ya ku Zomba ndi ku Limbe, pomwe ena amangodziwa kuti ndi nyanja ija imaphwa.

Koma m'kati mwa njedza komanso m'matope a m'mphepete mwa nyanjayi muli mudzi wina waukulu umene nzika zake sizipezeka m'kaundula wa mfumu iliyonse. Uwu ndi mudzi wa mbalame za miyendo italiitali, zimene zimadya, kukwatirana ndi kulera ana zili chiimire m'madzi.

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno ndipo inakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, kum'mawa kwake n'kukachita malire ndi dziko la Mozambique. Mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi Sombani imathira madzi ake m'menemo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umatulutsa madziwo. Amene amawachotsa ndi dzuwa ndi mphepo basi. N'chifukwa chake madzi a pakati pa nyanjayi amamveka kamchere, ndipo malo ambiri ndi osazama moti bwato amaliyendetsa ndi mponda.

Kusazamako ndiko kumakoka mbalame. Mbalame yoyenda ndi miyendo m'madzi ilibe nayo ntchito nyanja yakuya. Imafuna madzi olekeza m'mawondo, matope ofewa ndi udzu wobisalamo, ndipo ku Chilwa zinthu zimenezi zilipo zochita kutaya.

Mitundu ya mbalame imene inawerengedwapo kumeneko ndi yoposa 150. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dambo la Chilwa, lomwe ndi lalikulu mahekitala 224,800, linakhalira malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar limene mayiko anasainirana ku Iran m'chaka cha 1971. Dziko lino linalowa m'panganoli mu 1997. Dambo la Elephant Marsh la ku Chikwawa ndi Nsanje linadzatsatira mu 2017.

Aliyense ndi mbale yake

Wofuna kuona mbalamezi ayenera kulawira. Doko la Kachulu lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba, ndipo nthawi yabwino yofika ndi pamene dzuwa likungotuluka kumene, mphepo isanayambe kuvundula madzi. Chofunika china ndi mwini bwato wodziwa tinjira ta m'njedza komanso wotha kutseka pakamwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ku Chilwa umagwira ntchito mmene ulili.

Poyamba munthu amangoona ngati chipwirikiti. Uku zoyera, uko zakuda, zina zikutera, zina zikunyamuka. Koma akakhala chete kwa theka la ola amayamba kuzindikira kuti palibe mbalame imene ikudya m'mbale ya inzake. Kutalika kwa miyendo ndiko kumanena pamene iliyonse iime, ndipo mlomo ndiwo umanena chimene idye.

Akakowa akuluakulu amaima kumadzi akuyako. Mkulu wa onse, amene Angerezi anamupatsa dzina la Goliati wa m'Baibulo, amatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Iyeyu sathamangitsa nsomba. Amaima nji, ngati chitsa, khosi atalipinda, mpaka nsomba imuiwale. Kenaka khosi lija limatambasuka mwa mphezi. Pa tsiku amangogwira nsomba zowerengeka, koma zimakhala zazikulu ndithu.

Chapafupi ndi gombe pamapezeka kakowa wakuda wa zala zachikasu, amene kasakidwe kake kamaseketsa ngakhale munthu woti wadzuka ndi nkhwidzi. Amayenda mapazi angapo, kenaka n'kutambasula mapiko onse awiri kutsogolo mpaka atakumana, mutu n'kuubisa m'kati. Ukamuonera patali amakhala ngati ambulera yakuda imene wina waiiwala pamadzi. Mthunzi umenewu umachotsa kunyezimira kwa dzuwa kuti aone bwino pansi, komanso tinsomba timathamangira pomwepo poganiza kuti tapeza pobisala. Pakapita kamphindi amapinda ambulera ija, n'kusuntha pang'ono, n'kuitambasulanso.

Dokowe wa mlomo wachikasu iye maso sawadalira kwenikweni. Amamiza mlomo wake m'madzi a matope atauyasamula pang'ono, n'kumavundula pansi ndi phazi limodzi. Kanthu kakangokhudza mlomowo umatsekeka pompo. Palinso mbalame ina yoyera ya mlomo wonga chipande, imene imayenda ikupukusa mutu uku ndi uku ngati mayi amene akusesa pabwalo, kusefa tinsomba ndi tizilombo ta m'madzi.

Nanga chiswankhono? Mbalame yakuda imeneyi ili ndi mlomo umene sutsekeka pakati, umangokumana kunsonga. Anthu ambiri akaona mpata umenewo amaganiza kuti ndi pophwanyira nkhono, ndipo dzina lakelo likuchitira umboni maganizo amenewa. Koma oyang'anitsitsa anapeza kuti nthawi zambiri chiswankhono saswa nkhono ayi. Amaipanikiza, n'kulowetsa nsonga yakuthwa ya mlomo wam'munsi, kudula mnofu umene umagwira chigoba, n'kusolola nyama yokhayokha. Pamalo pamene wadyera pamatsala mulu wa zigoba zambiri zosasweka. Tinganene kuti makolo anamunamizira mlandu, koma dzina likamera silizulika.

Kumatope kwenikweni, kumene madzi angophwa kumene, kumakhala timbalame totuwa tothamangathamanga timene anthu ambiri satilabadira. Tambiri mwa timeneti ndi alendo. Timaswana kumpoto kwenikweni kwa Ulaya ndi ku Siberia m'dziko la Russia, ndipo chisanu chikayandikira kumeneko timauluka makilomita zikwizikwi kudzadya nyongolotsi za ku Chilwa. Timafika cha mu Seputembala ndi Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo. Kena mwa ito n'kopepuka moti sikafika ndi magalamu 40 omwe. Kuno sitimanga chisa. Timangodzanenepa.

Mkazi mmodzi, amuna angapo

Pa mbalame zonse za padambo, imene nkhani yake imavuta kukhulupirira ndi ija imayenda pamwamba pa masamba oyandama ngati ikuyenda pabwalo. M'mabuku a Chingerezi imatchedwa African Jacana. Thupi lake ndi lofiirira ngati njerwa yootcha, khosi loyera, pamphumi pali chipazi chobiriwira ngati kumwamba. Zala zake ndi zazitali modabwitsa, ndipo ndizo zimaimwaza kulemera kwake kuti tsamba lisamire.

M'banja la mbalame imeneyi zinthu zinatembenuka. Yaikazi ndiyo yaikulu thupi, ndiyo imalonda malire, ndipo chakudya chikachuluka imakhala ndi amuna angapo nthawi imodzi, aliyense ndi kadera kake. Mwamuna ndiye amasonkhanitsa zomera zonyowa n'kupanga kachisa koyandama, kosaoneka bwino n'komwe. Mkazi amabwera, n'kuikira mazira amene kawirikawiri amakhala anayi, ofiirira, onyezimira ngati apakidwa mafuta, okhala ndi mizere yakuda yokhotakhota ngati mwana wa sukulu ya mkaka wawalemba ndi cholembera. Akatha apo, ulendo kwa mwamuna wina.

Bambo uja amatsala yekha. Amafungatira mazirawo kwa masabata atatu ndi masiku angapo, ndipo pofungatirapo amalowetsa mapiko pansi pa mazira kuti asakhudze chinyontho cha chisa. Madzi akakwera mwadzidzidzi amatha kuwasamutsa limodzilimodzi kupita nawo pamalo ena.

Anapiye amaswa ali ndi nthenga zawo za ubweya, maso ali otsegula, ndipo posakhalitsa amayamba kutsatira bambo wawo pamasamba. Iye sawadyetsa m'kamwa. Amangowatsogolera kumene kuli tizilombo, iwo n'kumatola okha. Koma pakangodutsa chithunzithunzi cha mphamba kapena ng'azi ikatulukira, bamboyo amalira mwa mtundu wina, n'kunjuta, anawo n'kulowa kukhwapa. Kenaka amawapanikiza ndi mapiko, n'kudzuka, n'kumathawa nawo. Woonera patali amaona mbalame imodzi ya miyendo isanu ndi itatu kapena khumi ikulendewera. Munthu woyamba kuona zimenezi akhoza kuganiza kuti wakumana ndi malodza.

Bambo akakhala patali, anapiyewo ali ndi nzeru ina. Amamira m'madzi n'kugwira tsinde la chomera, kansonga ka mlomo kokha n'kukasiya panja kuti azipuma, mpaka ngozi itadutsa.

Amuna ena a kuno kwathu, amene kunyamula mwana pamaso pa anzawo amakuona ngati kudyetsedwa mankhwala, akanapita kukaphunzira ku Chilwa. Komabe mayi wa mbalameyi tisamuweruze msanga. Chisa choyandama chimataya mazira ambiri. Ng'azi, njoka, mbalame zinzake ndi mafunde, zonse zimafuna mazira omwewo. Akatswiri amaganiza kuti n'chifukwa chake mtundu umenewu unagawana ntchito motere: mkazi asataye nthawi ndi kufungatira, koma azingodya ndi kuikira, kuti chisa china chikapasuka china chikhale chili kale m'njira.

Ana a pansi ndi ana a m'mwamba

Madzi akayamba kubwerera m'nyengo yachilimwe, m'matope ouma mumaswana mbalame ina yakuda ndi yoyera imene kulira kwake kumamveka ngati nyundo ya mmisiri wosula makasu. Chisa chake ndi kadzenje chabe, ndipo mazira ake amafanana ndi nthaka moti munthu akhoza kuwaponda akuwayang'ana. Iyi ndiye siidziwa mantha. Galu, ng'ombe, khwangwala ngakhale munthu akayandikira, mwamuna ndi mkazi amanyamuka onse n'kumamuwulukira pamutu akulalata, ndipo pa mapiko awo pali timinga tolasira. Dzuwa likaswa mtengo, kholo limapita kukanyowetsa nthenga za pamimba n'kudzakhalira mazira kuti asapse.

Mbalame zina za m'matope zimachita kunamiza mdani. Kholo limadzigwetsa patsogolo pake, phiko lili gwedegwede ngati lathyoka, n'kumakwawa motalikira chisa. Mdani akalitsatira mokwanira, limangoti vuu, kuuluka lili bwinobwino.

Akakowa, adokowe ndi achiswankhono njira yawo ndi ina. Amamanga zisa mwa chigulu, m'mitengo yozingidwa ndi madzi kapena m'bango lowirira, mitundu ingapo pamalo amodzi. Mudzi wotere umamveka patali ndi phokoso, ndipo fungo lake silifuna kulozeredwa. Ana awo amaswa ali ofooka, osatha kuima, ndipo kwa masabata angapo amangodalira makolo amene amabwera ndi chakudya kukhosi n'kudzachibzikula m'chisa.

Apa pali chinthu chomvetsa chisoni. Kholo limayamba kufungatira mazira onse asanakwane, choncho anapiye saswa tsiku limodzi. Woyamba amakhala wamkulu ndi wamphamvu kuposa chitsirizira. Chaka cha nsomba zambiri onse amakhuta. Chaka cha njala akuluakulu amalanda zonse, wamng'onoyo n'kufooka mpaka kufa, makolo akuona. Amene wagwa m'chisa n'kugwera m'madzi, milamba ndi ng'azi zimakhala zikudikira pansi.

Nantchengwa yekha ndiye anamanga nyumba ya mfumu. Mbalame yosaposa nkhuku kukula kwake imaunjika timitengo zikwizikwi pamphanda ya mtengo, n'kupanga chisa chofolera chokhala ndi khomo lozira ndi matope, cholimba moti munthu wamkulu akhoza kuimapo. M'midzi yambiri anthu amaiopa mbalameyi ndipo amati wopasula chisa chake amadziitanira tsoka. Kaya n'zoona kaya ayi, mantha amenewa ateteza anantchengwa kuposa lamulo lililonse lolembedwa.

Nyanja yopuma

Chilichonse cha mbalamezi chimayendera madzi. Mvula ikagwa bwino kumapiri a Zomba ndi Mulanje, nyanja imasefukira m'madambo, matemba ndi milamba zimakwera kukaswana m'udzu, nkhono zimachuluka, ndipo mbalame zambiri zimamanga zisa nthawi yomweyo kuti ana awo adzaswe chakudya chili mbwee. Madzi akamabwerera, nsomba zimatsekeredwa m'zithaphwi, ndipo apa ndi pamene ana ongophunzira kuuluka amaphunzirira kusaka pa nsomba zosowa kothawira.

Koma Chilwa ili ndi khalidwe lake. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka chigwa cha ming'alu moti mabwato anangokhala pamtunda. Madzi ochuluka anadzabwerera ndi mvula za zaka zotsatira, makamaka namondwe wa Freddy mu 2023.

Kuphwa pakokha si chinthu chachilendo kwa mbalame. Zili ndi mapiko, zimasamukira ku Chiuta, ku Malombe kapena kuchigwa cha Shire, ndipo madzi akabwerera nazonso zimabwerera. Vuto ndi lakuti mitengo ya m'mapiri ozungulira yatha ndi makala komanso minda, choncho mitsinje imabwera ndi dothi lambiri limene likukwirira nyanja yomwe ndi yosazama kale. Minda ya mpunga ikulowerera m'dambo. Njedza nazo zimatenthedwa m'chilimwe, ena pofuna malo olima, ena posaka, ndipo moto susankha kuti apa pali chisa.

Msampha wa mwezi wa njala

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya alenje. Kuyambira kale anthu a m'mbali mwa Chilwa amadya ndi kugulitsa mbalame. Amatchera misampha ya zingwe m'tinjira ta m'udzu, ena amagwiritsa ntchito ulimbo, ena maukonde, pomwe a mfuti amalimbana ndi atsekwe ndi achipweyo. Zogwidwa kwambiri ndi tinkhuku ta m'madzi monga nadititi ndi nthutuwiri, timene timakathera m'chiwaya pamisika ya m'mbali mwa msewu. Koma chingwe chilibe maso. Chimakola mwendo uliwonse wodutsapo.

Chopweteka n'chakuti nyengo imene mbalame zambiri zimaswana, miyezi ya mvula, ndi nyengo yomweyonso imene m'nkhokwe mumakhala mutayera. Chimanga chili m'munda chisanache, mpunga usanakhwime, ndipo ndi miyezi yomweyo imene usodzi wa makoka umatsekedwa kuti nsomba ziswane. Bambo wa ana asanu amene alibe ufa m'nyumba ukamuuza za pangano la ku Iran, akhoza kukufunsa ngati panganolo limaphikidwa.

N'kosavuta kwa munthu wa m'tauni, amene wabwera ndi magalasi oonera patali ndi botolo la madzi ogula, kumutcha mlenje wotere wowononga chilengedwe. Koma kuwerengera kwake n'kosavutanso. Msampha ukagwira kholo limene likufungatira, sunaphe mbalame imodzi. Kwa mbalame ya zala zazitali ija, bambo akakodwa ndiye kuti mazira anayi aja atha, chifukwa mayi sadzabwerera kudzawakhalira.

Nyanja ikaphwa zinthu zimaipiraipira. Asodzi ambiri amene amakhala miyezi m'zimbowera, tinyumba toyandama ta pakati pa njedza, amasowa chochita, ndipo ena mwa iwo amatembenukira ku mbalame zimene zaunjikana pa madzi ochepa otsalawo.

Chilwa si nkhalango yotetezedwa ngati Liwonde. Mulibe mpanda, mulibe chipata, ndipo anthu zikwi mazanamazana amadalira nyanjayi pa nsomba, mpunga, udzu ndi ulendo wa pamadzi. Bungwe la UNESCO linaika derali m'gulu la malo amene anthu ndi chilengedwe ayenera kukhalira limodzi mu 2006, koma chikalata sichilondera chisa.

Chimene chinayesedwa ndi kugwira ntchito ndi alenje eni ake. M'zaka za m'ma 2000, bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi linathandiza kukhazikitsa magulu a alenje a mbalame m'midzi yozungulira nyanjayi. Maguluwo, pamodzi ndi mafumu, anapatula malo ena oswanirana mbalame kuti musamalowe msampha, anagwirizana za nyengo yoleka kusaka, ndipo ena mwa alenjewo anaphunzitsidwa kuwerenga mbalame ndi kulemba zimene agwira.

Nzeru imeneyi inali yabwino chifukwa palibe pulofesa amene amadziwa njedza kuposa mlenje. Iye amadziwa mwezi umene nadititi amafika, amadziwa mtengo umene achiswankhono amamangamo, amasiyanitsa kulira kwa mbalame imene ili ndi ana ndi imene ilibe. Munthu yemweyo, mlendo atamulipira kuti amuperekeze kukaona bambo wonyamula ana kukhwapa uja, akhoza kupeza pa m'mawa umodzi ndalama imene akanaipeza atakola mbalame zambirimbiri.

Koma alendo otere ku Chilwa amabwera mwa apo ndi apo. Ambiri amene amatsika ku Zomba amakwera phiri kapena kupitirira ku Liwonde kukaona njovu, osadziwa kuti chakum'mawa kwawo kuli dambo limene odziwa mbalame a kunja amalilemba m'mabuku awo. Ngakhale sukulu za mumzinda wa Zomba momwemo, n'zochepa zimene zinatengerapo ana kukaona mbalame zimene amazijambula m'makope.

Malamulo a m'midzi aja nawonso amalimba pamene pali wowakumbutsa. Thandizo la mabungwe limakhala ndi tsiku lothera, mafumu amasintha, ndipo mlenje wochokera kutali amene sanakhale nawo pa msonkhano uja samva kuti lamulolo likumukhudza.

Kwa amene angafune kupita, miyezi ya Marichi mpaka Juni ndiyo imaonetsa zambiri, pamene madzi ali ochuluka ndipo anapiye ali paliponse, ngakhale msewu umavuta mvula ikagwa. Asatsike m'bwato kukayenda m'madzi osayenda, chifukwa likodzo kumeneko si nkhambakamwa. Ndipo akaona mbalame ikulira mozungulirazungulira pamutu pake, kapena ikudzikoka pansi ngati yathyoka phiko, auze mwini bwato abwerere m'mbuyo. Mphindi zochepa zimene kholo lachoka pachisa n'zokwanira kuti dzuwa liphe mazira, kapena khwangwala amene amatsatira bwatolo mwakachetechete aone pamene pali chisacho.